Dilowa ikakana kutuluka: sopo, kandulo kapena puleni?

Desiki yanga ya paini ndinaigula kwa kalipentala wina pa Kamuzu Road, ndipo mvula ikangokhazikika mu Januwale, dilowa ya pamwamba imayamba makani. Malisiti, chidindo ndi makiyi a njinga zonse zili momwemo, iwe uli panja thukuta kamukamu. Kuno ku Salima nyanja tili nayo pakhomo, chinyezi sichisowa. Thabwa likachimwa limafufuma m'lifupi mwake, m'litali ayi, n'chifukwa chake dilowa yomweyo ikafika Okutobala imatuluka ndi chala chimodzi.

Musanayambe kulimbana ndi chogwirira, tulutsani dilowa ya m'munsi, mulowetse dzanja n'kuikankha ya pamwambayo kuchokera kumbuyo. Nthawi zina wolakwa si thabwa, ndi lula kapena faelo imene yadzuka n'kutsamira m'kati.

Ambiri timathamangira sopo poti ali pafupi. Sopo wochapira wouma, mukamupaka m'mbali, dilowa imatereradi tsiku lomwelo. Koma sopo ndi madzi ndi pachibale: pakapita masabata angapo amayamba kunyowa, kumata, fumbi n'kukakamira. Makoswe nawonso samukana. Ine ndimamutenga ngati wongopulumutsira tsikulo basi.

Kandulo ndiye amene ndakhala naye. Kachidutswa kotsala usiku umene magetsi anazima n'kokwanira. Phula lake silimwa madzi, silinunkha, ndipo silidetsa mapepala. Chinsinsi chili pamalo opaka. Ambiri amapaka m'mbali mokha, pomwe kulemera konse kwa dilowa kumagona pa timizere tiwiri ta pansi ndi pa timatabwa timene imayendapo m'kati mwa desikimo. Pakani pamenepo mwamphamvu mpaka thabwa liwale, mulowetse ndi kutulutsa kangapo kuti phula lifalikire. Kwa ine, kupaka kamodzi mvula ikamayamba kumandifikitsa nthawi ya mwera.

Mafuta ophikira musayerekeze. Ndinayesapo, n'kuitana nyerere, ndipo kope langa la ngongole lili ndi banga mpaka lero.

Pali dilowa zina zoti kandulo sangazithe chifukwa zafufuma kwambiri. Apa mpikisano uli pakati pa sandipepala ndi puleni. Choyamba pezani pamene ikugwira: pakani choko m'mbali, ilowetseni, itulutseni, ndipo pamene choko chafufutika ndi pomwepo. Sandipepala wa nambala 80 amadya msanga, wa 120 amasalaza. Mukulungeni pa kathabwa kuti asakumbe zigwa, mukhule pang'ono, muyese, mukhulenso. N'zotopetsa inde, koma mumachotsa chokhacho chimene chikufunika.

Puleni ilibe chisoni. Chaka china mu Febuluwale ndinatengera dilowa ya m'munsi kwa mmisiri wina, ndipo anaipala kawiri katatu, timapalo topiringizika tili mbwee pansi. "Yatheka bwana, pano ingoyenda yokha." Inayendadi. Koma dzuwa la Okutobala litaumitsa thabwa, inayamba kugwedera ngati dzino la mwana, mpata wake wokwana pensulo, mphemvu zikulowa ndi kutuluka mwaufulu. Thabwa lopalidwa silimeranso. Ngati puleni ikufunikadi, dikirani chilimwe muone ngati dilowa ikugwirabe.

Zonsezi n'za desiki ya thabwa lenileni, kaya paini, mbawa kapena mlombwa. Za m'sitolo zija za utuchi wopanikiza zikamwa madzi zimatupa ngati mkate ndipo sizibwerera, ngakhale muziyanike padzuwa. Zokhala ndi tinjanji tachitsulo vuto lake limakhala dzimbiri kapena sikulu yomasuka: pukutani, mangani sikuluyo, mudonthezepo mafuta a mashini osokera.

Ya m'munsi ija ndinaimata kachidutswa ka katoni m'mbali, ndipo mumakhala manyuzipepala akale okha.