Keke, tiyi ndi khofi mu Lusaka: kafe ya pansi pa mitengo, ya pafupi ndi maofesi kapena kwa amayi a pamsika?

Anthu ambiri tikafuna kukumana ndi mnzathu timangoti tipezane ku Manda Hill kapena ku East Park, basi nkhani yatha. Kumeneko zabwino ziliko sindikukana, koma ine mtima wanga uli pa timakafe ting'onoting'ono tija mwini wake amakhala pomwepo, nthawi zina iye yemweyo ndi amene akukudulirani keke ndi kukufunsani ngati shuga wakwana. Muno mu Lusaka timeneti sitifanana ayi. Pali a m'nyumba zakale za mipanda ikuluikulu ku Rhodes Park, Kabulonga, Woodlands mpaka kutsika ndi Leopards Hill Road, komwe amaika matebulo panja pansi pa mitengo. Pali ena opanikizika pafupi ndi maofesi, ku Longacres, Northmead ndi m'mbali mwa Great East Road, kauntala imodzi ndi timatebulo tochepa. Ndiye pali amayi athu a tiyi ndi masikono ku Chilenje, Kabwata, Mtendere, Kalingalinga ndi Matero, amene ena safuna kuwatcha kafe koma ine ndimawawerengera limodzi, chifukwa chomwe timapitira ndi chimodzimodzi, kukhala pansi, kumwa chotentha ndi kudya chotsekemera.

Tiyambe ndi khofi chifukwa apa ndi pamene kusiyana kuli kwakukulu.

Ambirife tinakula ndi Ricoffy wa m'chitini, ndipo ndi wabwino pa ntchito yake, koma muja si khofi yekha, amasakaniza ndi chicory, muzu wokazinga wa chomera china. Tsiku limene munthu wamwa khofi wogaya pomwepo amadabwa kuti kani fungo lake limafika mpaka pageti. Chimene chimandipweteka n'chakuti Zambia imalima khofi wa Arabica wabwino zedi, kumpoto cha ku Kasama kuli minda ikuluikulu, ndipo kufupi kuno ku Mazabuka kuli wa Munali, koma wochuluka amapita kunja ife n'kumatsala ndi wa m'chitini. Makafe a pansi pa mitengo aja ndi amene amayesetsa pa nkhani iyi. Mukafunsa kuti khofi wanu ndi wakuti amayankha mosakayika, ena mpaka amakutulutsirani paketi kuti muone, ndipo mwa apo ndi apo mumapeza ali ndi Mzuzu Coffee wa kwa anansi athu ku Malawi. Funsani ndithu, musachite manyazi. Ngati woperekera akuyang'ana kudenga osadziwa, dziwani kuti mwini wake khofi alibe naye chidwi kwenikweni, ndiye bola muitanitse china.

Timakafe ta pafupi ndi maofesi nato tili ndi makina a espresso ndipo chifukwa m'mawa anthu amakhala pamzere, makinawo sapuma, khofi sagonera m'chigayo. Izi n'zabwino kwambiri. Vuto lake ndi changu. Mnyamata wa pamakina akapanikizika amatenthetsa mkaka mopitirira mpaka kupsa, cappuccino imabwera thovu lalikululikulu pamwamba, pansi madzi owawa, ukamwa lilime lapsa kale kukoma sunakumve. Mkaka wotenthetsedwa bwino thovu lake limakhala losalala, timabowo tosaoneka, ndipo umatsekemera wokha mwina simungafune n'komwe shuga. Pakati pa awiriwa, ngati ndili ndi nthawi ndimapita kwa a pansi pa mitengo, ngati ndikuthamangira kuntchito ndimatenga wa pafupi ndi ofesi koma wakuda, wopanda mkaka, kuti pasakhale cholakwika. Kwa amayi a pamsika khofi musamufune, akupatsani wa m'chitini, si ntchito yawo imeneyo.

Koma pa tiyi zinthu zimatembenuka, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Malo odula aja tiyi amamupeputsa. Amakubweretserani kathumba ka Five Roses pambali, kapoto ka madzi amene anawira kalekale pano angofunda, mkaka wozizira wa mufiliji, ndiye muphike nokha patebulo. Tiyi wakuda amafuna madzi amene akubwata nthawi yomweyo. Komanso kumbukirani kuti Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi kuno amawira asanafike pa madigiri 100, manje mukawachedwetsanso panjira yochokera kukhitchini mpaka pansi pa mtengo wa mango, tiyi amatuluka mtundu wokha, mphamvu alibe.

Amayi a pamsika izi sanaziwerenge m'buku koma amazichita bwino. Ketulo ili pa mbaula ikubwata, masamba amaponya momwemo, mkaka momwemo, amasefa ndi kasefa kakang'ono kulowa m'kapu yaikulu yachitsulo imene umaigwira ndi manja awiri m'mwezi wa June kukamazizira. Kuli mayi wina ku Chilenje amene ndimakonda kukhala pa benchi yake, ukafika n'kunena kuti amayi, masikono apsa? amayankha kuti khalani pansi mwana wanga, atsala pang'ono, kenako amachotsa chivundikiro chimene wayalapo makala pamwamba, nthunzi n'kutuluka, masikono ofiirira pamwamba ofewa m'kati, akakung'ambirani pakati n'kupaka majarini amasungunuka mukuona. Palibe kafe ya ku Kabulonga imene yandipatsapo tiyi woposa ameneyo. Chokhacho muwauze msanga za shuga, chifukwa dzanja lawo ndi lolemera, shuga wa ku Nakambala amathira mosaumira, ndipo ngati muli ndi matenda a shuga nenani asanathire.

Ndimafuna nditaona tiyi wa kwathu kuno akulemekezedwa. Ku Kawambwa m'chigawo cha Luapula kuli munda wa tiyi, kutsidya ku Malawi kuli Thyolo ndi Mulanje komwe mapiri onse ndi tiyi yekhayekha, anthu ochokera ku Chipata amabwera ndi mapaketi a Chombe m'zikwama, koma pa menyu ya kafe zambiri mupeza rooibos wa ku South Africa ali pamwamba. Rooibos ndilibe naye mlandu, madzulo ndi wabwino poti alibe caffeine ndipo tulo sasokoneza, ndipo pa ameneyu makafe odula sakhumudwitsa chifukwa ngakhale akhalitse m'madzi sawawa.

Manje keke.

Apa ndiye pofunika maso. Keke yokongola m'galasi si keke yokoma nthawi zonse. Timakafe ta pafupi ndi maofesi tambiri sitiphika tokha, malo ophikira tilibe, timaitanitsa kwa munthu wina ndiye keke imakhala m'filiji ya galasi ija mpaka ithe. Ikakhala yosavundikira mphepo ya m'filiji imaiumitsa, mbali yodulidwa ija imachita kugwa zinyenyeswa, kirimu pamwamba walimba. Yang'anani pomwe anadula komaliza. Ngati pakuoneka ponyowa bwino, tengani. Ngati pauma, funsani kuti yabwera liti, ndipo woperekera wachilungamo amakuuzani motsitsa mawu kuti tengani iyi ya nthochi, yafika lero. Red velvet ndi imene imanamiza anthu kwambiri, kufiira kuja ndi mtundu wothira chabe, zikapanda kuphikidwa bwino mumangomva shuga basi.

Makafe a m'nyumba zakale ali ndi mwayi woti khitchini ili pomwepo. Mukalowa n'kumva fungo la batala ndi sinamoni kuchokera kuseri, mwafika pamalo. Keke ya karoti ndi imene ine ndimayesera nayo dzanja la wophika, iyenera kukhala yonyowa, yolemera pang'ono, karoti akuoneka, osati siponji wamba wopaka mtundu. Ya chokoleti nayonso imaulula msanga ngati anaumira koko. Ndipo kusiyana kwa batala ndi majarini kumamveka kukamwa, kirimu wa majarini amasiya mafuta kumwamba kwa kamwa amene sachoka mpaka mutamwa chotentha, wa batala amasungunuka n'kupita. Batala ndi wodula, n'chifukwa chake kagawo kamodzi kumeneko mtengo wake mungadye nawo masikono ndi tiyi kwa amayi aja masiku angapo. Ine ndikuti ngati keke yake ndi ya batala weniweni ndipo yaphikidwa tsiku lomwelo, ndalamayo siinapite pachabe. Ngati ndi yogula kwina n'kungoiika pa mbale yokongola, mwalipira mthunzi wa mtengo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ena mwa ophikawa ayamba kugwiritsa ntchito zathu zomwe. Nsinjiro za nshawa za kum'mawa, uchi wa ku North-Western, chinanazi cha ku Mwinilunga, ufa wa mabuyu uja anzathu a ku Malawi amati malambe, umene umapatsa kirimu kawawasu kabwino kochepetsa kutsekemera. Mukaona zotere pa menyu yesani, ngakhale simunazolowere, chifukwa wophika akaona kuti zikugulidwa amapitiriza.

Kwa amayi a pamsika keke ya magawo mulibe, koma muli ma queen cake, mabanzi, vitumbuwa zotentha ndipo mukachita mwayi chikondamoyo cha ufa wa chimanga ndi nthochi zakupsa. Izi sizigonera chifukwa zimatha tsiku lomwelo, filiji palibe yoti azisungiremo. Pa kupsa kwatsopano amayiwa amaposa onse. Ndipo ambiri mwa iwo, kapena ana awo aakazi, ndi omwe aja amaphika makeke a kitchen party ndi a tsiku lobadwa mukawatumira uthenga pa WhatsApp, ndiye ngati mukufuna keke yathunthu ya pabanja yambani mwalawa ma queen cake awo, dzanja limadziwika pa zazing'ono.

Nkhani ya magetsi sitingailumphe. Chilala cha 2024 chija madzi atatsika ku Kariba tonse tinaona mmene magetsi ankapitira maola ambirimbiri pa tsiku, ndipo mabizinesi ang'onoang'ono ndi amene anavutika koposa. Makina a espresso amadya magetsi kwambiri, sola yaing'ono siingawakwanitse, ndiye kafe yopanda jenereta yamphamvu imangokuuzani kuti pepani khofi palibe. Ochenjera anagula ma plunger, timajagi tosefera khofi pokankha ndi dzanja, ndi chitofu cha gasi, ndipo kunena zoona khofi wa mu plunger akakhala wogaya kumene ndi wokoma, musamukane. Choopsa ndi filiji. Cheesecake ndi keke iliyonse ya kirimu wa mkaka, tsiku limene magetsi avuta makamaka kotentha mu October, ine sindigula pokhapokha nditaona kuti filiji ikulira. Tengani ya nthochi kapena ya mandimu yopanda kirimu. Kwa a pansi pa mitengo vuto lina ndi phokoso la jenereta, ena anaiika pafupi ndi matebulo ndiye mwabwera kudzacheza koma mukukuwirana. Amayi a mbaula zonsezi siziwakhudza.

Kafikidwe nako kamasiyanitsa. Ku Northmead, Longacres kapena Chilenje minibasi ikutsitsani pafupi, mungoyenda pang'ono. Koma kafe ya m'kati mwa Kabulonga kapena kutali ndi Leopards Hill Road imafuna galimoto kapena takisi ya Yango, ndalama ya ulendo muiwerengere pamodzi ndi ya keke, ndipo nyengo ya mvula matebulo apanja aja amakhala opanda ntchito, aliyense amathawira pakhonde malo n'kuchepa. Ambiri amatsekanso msanga, cha m'ma 17 awazi mipando ayamba kale kusonkhanitsa, ndiye si malo a pambuyo pa ntchito. Loweruka m'mawa ndiye nthawi yake, makamaka September ndi October ma jacaranda akachita maluwa, ana ali ndi pothamanga, akuluakulu mukucheza mosathamangitsidwa. Wofuna kugwira ntchito pa laputopu apite kwa a pafupi ndi maofesi, wifi ndi soketi zimakhalapo, koma chonde musakhale maola anayi pa kapu imodzi, kabizinesi ka matebulo asanu sikangapirire zimenezo, onjezerani kenakake.

Pa bilu yang'anitsitsani, malo ena mtengo wa pa menyu ndi womwewo, ena amawonjezera service charge pansi, ndipo VAT yathu ndi 16 peresenti, funsani ngati ili kale m'kati musanaitanitse za anthu asanu. Airtel Money ndi MTN MoMo pafupifupi onse amalandira, ngakhale amayi a pamsika ambiri nambala anailemba pa katoni, koma kwa iwo ndi bwino kunyamula ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenji m'mawa imavuta.

Mlendo wochokera kumudzi, tinene apongozi abwera kuchokera ku Katete kapena Petauke, ine sindingawatengere pa kauntala yopanikizika ija. Ndingawatengere pansi pa mitengo kuti akhale momasuka, ndiwaitanitsire keke ya karoti, koma tiyi ndiuze woperekera mwaulemu kuti asisi, madzi akhale obwata kumene ndipo mkaka muutenthetse, kathumba muike m'poto muli kukhitchini komweko. Ambiri amachita mosavuta mukapempha bwino.