Africa University: maganizo anga monga kholo la ku Chilenje

Mwana wanga wamkazi atanena kuti akufuna kukaphunzira ku Mutare, ndinakana. UNZA, yunivesite ya Zambia, ili pompano mu Lusaka pa Great East Road, wopita ku Zimbabwe afunanji? Koma ndinamuperekeza ndekha, kukwera basi pa Intercity, kudutsa pa Chirundu, kugona ku Harare. Basi ija inatifera panjira maola atatu, msana wanga sunaiwale.

Sukuluyi ndi ya mpingo wa United Methodist. Msonkhano waukulu wa mpingowo unaivomereza mu 1988, ndipo inatsegulidwa mu 1992 ndi maphunziro awiri okha, a zaumulungu ndi a zaulimi. Ili pafupi ndi mishoni yakale ya Old Mutare, kunja kwa tauni, pakati pa mapiri ndi minda. Tchalitchi chake, Kwang Lim Chapel, chinamangidwa ndi thandizo la Amethodisti a ku Korea. Ndinakhalamo kanthawi ndili chete, ine wa Katolika.

Chimene chinandigwira mtima ndi kuchepa kwa anthu. Aphunzitsi amamudziwa mwana wanga ndi dzina. Mnzake wa m'chipinda ndi wa ku Mozambique, wina wa ku Congo, ndipo pano akandiimbira foni amandiponyera mawu a Chipwitikizi kuti andizunguze mutu. Masiku ano kuli zamalonda, zaumoyo, zauphunzitsi, ngakhale za mtendere ndi utsogoleri.

Fizi ndi ya madola. Kwacha ikagwa, ine ndi bambo ake timakhala pansi ndi pensulo. Amayi anzanga, werengerani zimenezo kaye, pamodzi ndi ndalama ya basi ya tchuthi chilichonse.