Dzino la mastodon lopangidwa ndi rezini: zimene limaphunzitsa ndi zimene limabisa

Masitolo ogulitsa zipangizo zophunzitsira sayansi amakonda kugulitsa mano awiri pamodzi, la mastodon ndi la mammoth (nyama zakale zofanana ndi njovu zimene zinatha padziko), onse oumbidwa ndi rezini (mtundu wa pulasitiki) m'chikombole chotengedwa pa dzino lenileni. Ngati cholinga n'choti ophunzira amvetse zimene nyamazi zinkadya, mano awiriwa ndi oyenera kugula. Koma si onse amene amapangidwa mosamala.

Yambani ndi kuyeza. Dzino lotafunira lomaliza la mastodon wamkulu limatalika masentimita pakati pa 15 ndi 20, ndipo limakhala ndi mizere 4 kapena 5 ya timitu tosongoka tokhala tiwiritiwiri. Mukapeza la masentimita 10, ndiye kuti analichepetsa, ngakhale wogulitsa asanene. Timitu timeneti ndi timene tinachititsa Georges Cuvier, katswiri wa sayansi wa ku France, kuti apatse nyamayi dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza dzino looneka ngati mawere.

Ubwino wa mano awiriwa umaoneka mukawaika pafupi n'kuyendetsa chala pamwamba pake. La mammoth ndi lafulati, lokhala ndi timizere tambiri tothinana ngati tupa, loyenera kupera udzu. La mastodon ndi lazitunda ndi zigwa, lothyolera ndi kuphwanya nthambi. Wophunzira amaona yekha kuti mammoth ankadya msipu m'zigwa zopanda mitengo, pomwe mastodon ankayenda m'nkhalango ndi m'mphepete mwa madambo ku North America akubudula masamba ndi timitengo.

Chimene chimalakwika kwambiri ndi msoko. Chikombole chimakhala cha mbali ziwiri, ndiye pamene mbalizo zakumana pamatsala kamzera. Opanga ofulumira amakapala ndi sandipepa mpaka nsonga za timitu kusalala, ndipo dzino la nyama yaing'ono limayamba kuoneka ngati la nkhalamba. Izi si zazing'ono, chifukwa akatswiri amadziwira msinkhu wa nyama poona mmene mano aperepesekera. Pa dzino lenileni lotha, chikuto cholimba chakunja chimatsala ngati mphete yozungulira mkati mofewa momwe mwakumbika. Pa msoko wopalidwa mulibe mphete imeneyo.

Penti nayenso amawononga. Ena amapaka dzino lonse lakuda mbali zonse, malire a chikutocho osaonekanso. Sankhani lopakidwa mitundu iwiri kapena itatu. Timaenje ta mpweya m'zigwa za dzino timasonyeza kuti rezini anathiridwa mothamanga, ndipo ana amaganiza kuti ndi kubooka kwa mano.

Kapepala kamene kamabwera m'bokosi musakakhulupirire msanga. Kambiri kamangoti mastodon ankadya spruce basi, mitengo ya m'madera ozizira, mwinanso n'kumujambula ataima pa chipale chofewa popanda mtengo uliwonse. Spruce ankadya ndithu, koma mastodon wina wotchedwa Burning Tree, amene anafukulidwa ku Ohio, ku United States, mu 1989, m'mimba mwake munapezeka zomera za m'dambo ndi za m'madzi. Ku Page-Ladson, mumtsinje wa Aucilla ku Florida, dera lofunda la kum'mwera kwa United States, ndowe za mastodon zili ndi timitengo ta cypress todukaduka pamodzi ndi nthanga za zipanda zam'tchire. Nyama yofika mpaka ku Florida sinali ya kozizira kokha ayi. Zimenezi dzino la rezini silinganene, mphunzitsi ayenera kuwonjezera yekha. Komanso timikwingwirima tating'ono timene akatswiri amaona ndi maikulosikopu pofufuza chakudya cha masiku omaliza a nyama sititsala pa zoumbidwa zotchipa.

Pa kasamalidwe, mizu ndi imene imathyoka msanga, makamaka ngati dzinolo ndi lamphako mkati. Liikeni chogona pa nsalu, osati choimika pa mizu. Pukutani ndi nsalu yonyowa pang'ono. Sipiriti ndi asetoni zimasungunula penti, ndipo dzuwa la pawindo limayezula mtundu wake.