Miyezi 14 ndikuphunzira digiri ya Chingerezi: zimene ndapezamo

Nditangoyamba digiri ya Chingerezi pa yunivesite ina muno mu Lusaka, ndinalemba mawu ochepa oyamikira. Ndinati aphunzitsi ake ndi odziwa ntchito, ndiponso kuti pakatha chaka lilime langa lidzakhala litawongoka moti sindidzachitanso chibwibwi pofunsira ntchito. Tsopano papita miyezi 14. Za aphunzitsi zija sindinasinthe maganizo. Koma za lilime ndinalakwitsa, chifukwa chimene ndinapezako ndi china, ndipo n'chimene chandisunga mpaka lero.

Kosi imene ndinkaiopa kwambiri, ya kamvekedwe ka mawu, ndi imene yandipindulira koposa. Kuyambira ku pulayimale takhala tikusekedwa kuti sitisiyanitsa l ndi r, ndipo ine ndinkangoti ndi umbuli wathu. M'kalasimo ndinamva chifukwa chake. M'Chinyanja awiriwa ndi liwu limodzi, limangosintha malinga ndi pamene laima: timati kulola, koma kulira ndi kulera, r akubwera pambuyo pa i kapena e. Khutu limene linakulira m'menemo silinaphunzitsidwe kuwalekanitsa. Chimodzimodzinso mavawelo: ife tili nawo 5, pamene Chingerezi chili nawo opitirira 10, n'chifukwa chake ship ndi sheep zimatimvekera mofanana. Tsiku lomwelo aphunzitsi analemba pa bolodi mawu akuti mtengo, natiuza tiwawerenge. Ena anatchula wa m'nkhalango, ena wa pa msika. Kusiyana kwake kuli m'kakwezedwe ka liwu basi, chinthu chimene Mngelezi angavutike nacho monga ife timavutikira ndi sheep. Ndinatuluka m'kalasimo manyazi a zaka zambiri atandichoka.

Mbali ya mabuku inayamba molemera. Shakespeare ndinalimbana naye miyezi iwiri, ndipo ndinayamba kumumva pokhapokha titamuwerenga mokweza m'gulu. Olemba a ku Africa ndiwo anandigwira mtima. Tinawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe ya mu 1958, kenaka The Tongue of the Dumb ya Dominic Mulaisho ya mu 1971. Ndinadzimvera chisoni kuti ndakula m'Zambia osamudziwa Mulaisho. Mkangano waukulu unabuka pa Decolonising the Mind ya Ngugi wa Thiong'o ya mu 1986, m'mene amalimbikitsa kuti Aafirika azilemba m'zilankhulo zawo. Mnzanga wina wa Chitonga anafunsa kuti m'dziko la zilankhulo 7 zovomerezeka m'zigawo, akalemba m'Chitonga ine ndidzamuwerenga bwanji. Sitinagwirizane, ndipo tinakangana mpaka pokwerera basi.

Ntchito imene sindidzaiwala ndi ya zolankhula za makolo. Anatituma kukajambula nthano kwa munthu wamkulu, kuilemba, kenaka kuimasulira. Ndinapita ku Mtendere kwa ambuya anga, amene kwawo ndi ku Katete. Nditaika foni patsogolo pawo anakana. "Iwe mwana, nthano ya masana? Ndipo ondiyankha ali kuti?" Ndinayenera kubwereranso madzulo, titasonkhanitsa adzukulu oti azivomera kuti "Tili tonse." Pomasulira ndi pamene ndinatuluka thukuta. Pamene ambuya anati kalulu anangoti phee, kenaka psiti, Chingerezi changa chonse chinaperewera. Ndinalemba masamba 3 ofotokoza chifukwa chake mawu oterewa sawoloka, ndipo ndi pepala limenelo limene ndinakhoza bwino kuposa ena onse. Ambuya nditawauza anangofunsa kuti, "Ndiye kusukulu kwanuko mumalipira ndalama kuti mumve za kalulu?" Ndinawayankha kuti inde ambuya, ndipo sindikudandaula.

Zowawa ziliponso, ndipo sindizibisa. M'chaka choyamba tinkakhala ochuluka kwambiri m'kalasi moti wokhala kumbuyo ankangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedera. Buku limodzi la mulaibulale tinkalandizana anthu ambirimbiri, ena n'kumalibisa pa shelefu ina kuti alipeze mawa. Ndalama zambiri zinathera ku fotokope ndi mabando a intaneti. Mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali, ndipo nkhani zingapo ndinazilemba pa foni usiku batire ikutha. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kuchedwa kwa mapepala. Munthu amaphunzira kulemba akaona pamene walakwitsa, koma pepala lina linabwera patapita miyezi iwiri, lili ndi malikisi okha popanda ndemanga ngakhale imodzi. Pamenepo sindinaphunzirepo kanthu.

Mwayi wina suli pa ndandanda ya maphunziro, umafunika kuusaka wekha. Ndinalowa gulu la zisudzo mochedwa, ndipo ndimadandaula kuti sindinalowe msanga. Kumeneko ndi kumene ndinamva za Chikwakwa, gulu la zisudzo limene linayamba ku yunivesite ya Zambia (UNZA) cha m'ma 1969, lomwe linkapita ndi masewero kumidzi m'zilankhulo za anthu. Ifenso tinayesa sewero lalifupi losakaniza Chingerezi ndi Chinyanja cha m'tauni, ndipo chibwibwi chija chinachepera pa siteji, osati m'kalasi.

Mng'ono wanga akufuna kulembetsa chaka chamawa. Ndamuuza kuti ngati akungofuna kulankhula bwino pa intavyu, kosi yaifupi imukwanira, asawononge zaka 4. Koma ngati ali wokonzeka kuwerenga buku lathunthu sabata iliyonse, abwere, azikhala kutsogolo m'kalasi, ndipo azitsatira aphunzitsi ku ofesi kukafunsa za pepala lake. Ndamupatsa kale Mulaisho kuti ayambe, ndipo Loweruka likubwerali tikupita limodzi kwa ambuya, chifukwa anati nthano ya fisi sanaimalize.