Mapu a kwathu pakhoma la ku Joni, patatha miyezi 8

Mu Malichi ndinasindikiza mapu anayi opachika pakhoma: a boma la Ntcheu kwathu, a Nyanja ya Malawi, a mzinda wa Blantyre, ndi a msewu umene basi imadzera kuchokera pa Park Station ku Joni mpaka kukalowa pa Mwanza. Onse ndinawakonza pa laputopu yanga yakale ndi mapulogalamu awiri aulere, QGIS yopangira mapu ndi Inkscape yojambulira, ndipo misewu, mitsinje ndi mayina ndinatenga ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti. Nthawi imeneyo ndinalemba mokondwa kuti munthu angathe kupachika kwawo pakhoma osalipira pulogalamu ngakhale randi imodzi. Mawu amenewo sindikuwabweza. Koma pano ndi Novembala, mapu aja aona chisanu cha Juni, fumbi la Ogasiti ndi mvula yoyamba, ndiye tsopano ndili ndi zoti ndinene.

Oyamba kugonja anali a nyanja. Ndinawapachika mu saluni ya alamu anga ku Rosettenville, pakhoma loyang'anizana ndi zenera, pamene dzuwa la masana limagunda tsiku lililonse. Anali okongola kuposa onse, pa pepala lonyezimira longa la zithunzi. Pofika Julayi nyanja inali itasuluka ngati chitenje chochapidwa kakhumi, zilumba za Likoma ndi Chizumulu zikuchita kusowa m'madzi otuwa. Vuto linali inki. Pamalo pamene ndinasindikizira koyamba ankagwiritsa ntchito inki ya dye, yomwe imawala bwino tsiku loyamba koma siyipirira dzuwa. Ndinakasindikizanso kwina ndi inki ya pigment pa pepala losanyezimira, n'kuwabwezera pakhoma lomwelo. Miyezi inayi yatha, mtundu sunasinthe. Ndalama zake zinali zokwererapo, koma kusindikiza kawiri kunandidyera zambiri kuposa pamenepo. Mukafika pa kauntala funsani za inki musanafunse mtengo.

A Blantyre ndinawapha ndekha. Ndinaumira ndalama ya felemu, n'kuwamata pakhoma la chipinda changa ku Turffontein ndi zomatira zija zonga chingamu. Mafuta ake analowa m'pepala, m'makona monse munatuluka madontho, ndipo mvula itayamba pepala linapindika. Ali pansi pa bedi. Felemu yagalasi inandidula kuposa kusindikiza kwenikweniko, ndipo ndi chifukwa chake ndimakhalira pa A2, yomwe ndi 420 mm ndi 594 mm: mafelemu ake amapezeka okonzakonza m'masitolo. A1 ndi yabwino m'maso, koma yesani kukwera nayo takisi ya pa Bree nthawi yoweruka, mudzandiuza.

Za pulogalamu ndilibe dandaulo lalikulu. QGIS imafuna mtima wodekha sabata ziwiri zoyambirira, kenako dzanja limazolowera. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 4 GB basi, ndipo fayilo ya dziko lonse la Malawi yochokera ku Geofabrik, webusaiti yotengerapo mafayilo a OpenStreetMap, inkayiumitsa, makamaka ndikatsegula nyumba zonse. Ndinaphunzira kudula kaye dera limene ndikufuna, ena onse n'kuwasiya. QGIS imafuna kuti usankhe njira yoyalira dziko papepala, ndipo pa mapu a kumudzi ndimasankha EPSG:32736, ya chigawo cha UTM zone 36S, chifukwa Malawi ali mmenemo; Joni ali mu 35S. Mithunzi ya mapiri a Kirk Range ndinaipanga ndi SRTM ya mamita 30, fayilo yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndipo ndi imene imachititsa munthu kuima n'kuyang'ana kawiri.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zinandiwonongera pepala ndisanazidziwe. Pamutu pa mapu ndinalemba "Malaŵi" ndi ŵ wa kachisoti. Pa laputopu yanga zinali bwinobwino, koma kompyuta ya osindikiza inalibe font yangayo, ndiye pakati pa dzina la dziko panatuluka kabokosi. Tsopano mawu onse ndimawasandutsa mizere ndisanatumize PDF. Mu Inkscape ndi Object to Path, ndipo QGIS nayo ili ndi posankha zomwezo potulutsa PDF. Ndimapitirizanso mapuwo ndi 3 mm m'mbali monse kuti akamadula pasatsale mzere woyera. Mukatumiza chithunzi m'malo mwa PDF, A2 pa 300 dpi imafuna mapikiselo 4961 ndi 7016. Mitundu ya pa sikirini imawala kuposa ya papepala, choncho ndimayamba ndasindikiza kachigawo kamodzi pa A4, n'kukatulutsa panja kukaona padzuwa.

Koma chimene chandisunga pa ntchitoyi miyezi yonseyi ndi mapu a Ntcheu.

Tsiku limene ndinawabweretsa ku saluni, alamu anasiya mutu wa kasitomala uli theka, n'kupukuta manja pa epuloni. Anaika chala pa Lizulu, n'kutsika nacho mu M1 pang'onopang'ono, Biriwiri, pa boma, Kampepuza. Kenako chala chinapatuka kusiya tala, kulowera kumene basi siifika, n'kuima pamalo oyera opanda chilembo.

"Alamu, nanga mudzi wathu mwausiya kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za data. Sanandimvere n'komwe. "Tinyumba mwajambula, ndikutiona iti. Koma dzina mulibe. Ndiye ndi mapu a ndani amenewa?"

Anali ndi mfundo. OpenStreetMap, yomwe inayamba mu 2004, imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo ambiri amajambula poyang'ana zithunzi za setilaiti ali kutali. Denga la malata limaoneka kuchokera kumwamba, msewu wafumbi umaonekanso, koma dzina la mudzi limakhala pakamwa pa anthu. Munthu wa ku Joni akaima pa mapu a kwawo safuna kuona kukongola kwa mitundu imene ndinataya nayo tulo. Amasaka malo amodzi okha.

Ndiye mu QGIS ndinatsegula layer yangayanga, fayilo ya madontho osonyeza midzi ndi mayina ake. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkakhala ndi amalume, omwe anabwera kuno ine ndisanabadwe, pepala lili patebulo, pensulo ili m'manja mwawo. Kumudzi tinkapempha achinyamata kuti akaime pa chigayo kapena pa sukulu atitumizire location pa WhatsApp. Mikangano sinasowe. Mudzi wina amalume amautchula ndi dzina la mfumu imene inamwalira kalekale, pomwe alamu amaudziwa ndi dzina la tsopano. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, mapeto ake ndinalemba onse awiri, lakale ndi tizilembo tating'ono pansi.

Mayina amene anthu awiri kapena atatu agwirizana, ndipo malo ake atsimikizika, ndimawalowetsa ku OpenStreetMap kuti wina wodzapanga mapu pambuyo panga adzawapeze. Za m'banja, monga dimba la agogo, zimatsala mu fayilo yanga. Kukopera ku Google Maps n'koletsedwa kumeneko, ndipo pa mapu aliwonse osindikiza pamayenera kukhala mawu akuti "© OpenStreetMap contributors". Ine ndimawaika pakona yakumunsi.

Mapu a Ntcheu ndawasindikiza katatu tsopano. A msewu wa basi sindinawakhudzenso, ndipo ndi amene amuna amaunjikanapo akamadikira akazi awo: Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, Zobue. Aliyense ali ndi pamene anagonapo pa mzere. Galasi lake pa Beitbridge lachita kuda ndi zala.

Anthu atatu andipempha kale a maboma awo kuti apite nawo kumudzi pa Disembala. Ndawauza kuti abwere ndi pepala la mayina kaye, apo ayi sindiyatsa laputopu. Wa ku Mangochi wabweretsa masamba awiri a kope, olembedwa mbali zonse. Dzulo ndinadutsa pa saluni kukatenga makiyi, ndipo ndinapeza pa galasi la mapu a Ntcheu pali kadontho katsopano ka maka yofiira, pambali pake palembedwa "mjigo".

"Umenewo anakumba chaka chatha," anatero alamu osatembenuka, manja ali m'tsitsi la munthu. "Mukamakasindikizanso musauiwale."