Banki yachotsa overdraft ku UK: khoti, kampani yolondola ndalama, kapena Ombudsman?

Kalata ikafika yoti banki yachotsa overdraft yanu ndipo mubweze zonse, mtima umathamangira kukhoti, makamaka mukaona kuti gawo lalikulu la ngongoleyo ndi machaji ndi chiwongoladzanja. Dikirani kaye. Kuno ku Britain overdraft, chilolezo chija chotapa ndalama zoposa zimene muli nazo mu akaunti, ndi ngongole imene banki ingaitanitse nthawi iliyonse, choncho pa kuchotsako mlandu wanu ndi wofooka. Pogwira penipeni ndi pa machajiwo, ndipo njira zowalondolera zilipo zitatu.

Khoti linali njira yabwino cha m'ma 2006 ndi 2007, pamene anthu ambiri ankabwezeredwa ndalama atangoopseza kuti akasuma. Khomo limeneli linatsekeka mu November 2009, khoti lalikulu la Supreme Court litagamula mokomera mabanki pa mlandu wa pakati pa Office of Fair Trading, bungwe la boma lomwe linkateteza ogula, ndi banki ya Abbey National pamodzi ndi mabanki ena. Oweruza anati machajiwo ndi mbali ya mtengo wa akaunti, ndiye kukula kwake sikungaweruzidwe ndi lamulo loteteza ogula. Mukasuma lero ndi mfundo yomweyo, mudzalipira ndalama ya khoti ndi kukakumana ndi maloya a banki opanda chogwira m'manja.

Makampani olondola ndalama, aja okudandaulirani ku banki kuti ikubwezereni machaji, sindiwakonda, ndipo chifukwa ndili nacho. Kalata imene amalemba ndi yomweyo mungalembe nokha, koma pa ndalama zochepa amadula mpaka 30 peresenti, kuwonjezera VAT. Choopsa kwa munthu amene overdraft yake yachotsedwa ndi ichi: banki ikavomera kubweza, kawirikawiri imangochepetsa ngongole ija. M'thumba simulowa kanthu, koma kampani ikufuna gawo lake.

Njira yachitatu ndi yaulere. Mumadandaula ku banki komweko polemba, ndipo ili ndi masabata 8 oti ipereke yankho lomaliza. Ikakana kapena kukhala chete, mumapita ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a makasitomala pa mabanki, pasanathe miyezi 6 chilandirireni yankholo. Kumeneko mfundo si yoti machaji ndi osaloledwa ayi. Mfundo ndi yoti munali pa mavuto a zachuma, banki inkaona, koma inapitiriza kukudulani. Onetsani miyezi imene malipiro ankalowa osafafaniza ngongole, ma direct debit (mabilu odzilipira okha kuchokera mu akaunti) obwerera, renti yotsalira, machaji obala machaji anzake. Malamulo a FCA, bungwe loyang'anira mabanki, amafuna kuti banki izilondola kasitomala amene sakuchoka mu overdraft ndi kumuthandiza. Kuyambira April 2020 machaji a tsiku ndi tsiku a overdraft analetsedwa, mabanki ambiri n'kuika chiwongoladzanja cha pafupifupi 40 peresenti pachaka, ndipo chimenechonso mungachiphatikize m'dandaulo. Nthawi zambiri a Ombudsman amabwerera m'mbuyo zaka 6. Ngati masitetimenti munataya, apempheni ku banki kudzera mu subject access request, pempho loti akupatseni zonse zimene amasunga zokhudza inu. Salipiritsa, ndipo ayenera kuyankha pa mwezi umodzi. Kuipa kwa njirayi ndi kuchedwa, chifukwa pamatha miyezi, komanso si onse amapambana.

Koma abale, musanalembe kalata iliyonse, tetezani malipiro. Akagwera mu akaunti yakale ija amamezedwa ndi ngongole, ndipo banki ili ndi mphamvu yotenga ndalama mu akaunti yanu ina ya komweko. Tsegulani basic bank account, akaunti yopanda overdraft, ku banki ina yosakhala gulu limodzi ndi yanuyo, ndipo muuze abwana nambala yatsopano lisanafike tsiku lolandira. Ambirife tili ndi sukulu fizi ndi feteleza zotidikira kumudzi. Mwezi umodzi wopanda malipiro umapweteka nyumba ziwiri.

Dandaulo siliimitsa ngongole palokha. Imbirani StepChange, National Debtline kapena Citizens Advice, onse ndi mabungwe olangiza za ngongole kwaulere. Ku England ndi Wales mlangizi wa ngongole angakulowetseni mu Breathing Space, masiku 60 opanda chiwongoladzanja chatsopano kapena kukakamizidwa kulipira, ndipo m'masiku amenewo mungagwirizane ndi banki ndalama yobweza pamwezi imene mungaikwanitse.