Torque wrench yotchipa ya 28 mpaka 210 Nm, miyezi 8 ndikumangira manati pakhomo

Abale, ndakhala nayo miyezi 8 tsopano ndiye ndikhoza kuyankhulapo ndithu. Ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene ukumangira nati, ya half inch (kukula kwa mutu wake wa folokona wolowa mu soketi), zija zimalira kuti kha! ukafika pa mlingo umene watchera, ilibe dzina lodziwika, inabwera m'kabokosi kapulasitiki muli masoketi atatu, 17, 19 ndi 21, kuphatikizapo ka extension kamodzi ndi kapepala ka malangizo ka zilembo ting'onoting'ono toti uwerenge utavala magalasi awiri.

Chimene chinandigulitsa ndi manyazi basi. Tayala linaphwa panjira madzulo, ndinatulutsa jeki ndi wilusipanala ngati munthu wodziwa zinthu, madamu ataima pambali ndi tochi ya pafoni, manati atatu anamasuka movutikira koma lachinayi linakaniratu. Ndinaponda sipanala ija ndi phazi, ndinakwerapo thupi lonse, kenako munthu wina wodutsa anandibwereka paipi, ndikukoka kamodzi kokha chinangoti phwa, nati m'manja limodzi ndi chidutswa cha stud, bauti ija pamamangidwa nati ya tayala. Matayala amenewo anali atamangidwa masabata awiri m'mbuyomo kumalo ena osinthira matayala, ndi mfuti ya mpweya ija imalira trrrr mnyamata osaichotsa mpaka atakhutira yekha. Mawa lake amakaniko anandionetsa chidutswa chija pafupi, penapake chinali chowonda ngati khosi la botolo, mazinga atatalikirana. Anati bwana ichi sichinaduke dzulo, chinatamuka kalekale, inu mwangomalizitsa.

Ndi pamene ndinamvetsa kuti bauti ikamangidwa imatamuka pang'ono ngati sipuling'i, ndipo kutamuka kumeneko ndi kumene kumagwira rimu kuti isasewere. Ukamanga pang'ono imamasuka yokha, ukapyoletsa imatamuka mosabwereranso ndiye mphamvu yake yathera pomwepo ngakhale ikuoneka yabwinobwino. Buku la Corolla yanga limati manati a tayala ndi 103 Nm (ma newton mita, muyeso wa mphamvu yomangira). Ine zaka zonsezi ndimangomanga mpaka nditamva msana kuwawa kkkk.

Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito ndinaganiza kuti andigulitsa yakufa. Ndinatchera 103, ndinakoka, isanafike n'komwe pamene ndimayamba kubuula inalira kha. Ndinati ayi sizingatheke, tayala limeneli lindisiya pamsewu. Koma ndi mmenemo, 103 Nm pa chogwirira chotalika pafupifupi theka la mita si mphamvu yambiri ayi, dzanja limodzi likukwana. Manja athuwa amanama abale, makamaka ife timaopa kuti tayala lichoka.

Katcheredwe kake kamafuna kuzolowera. Pa thupi lake manambala anadindidwa modumpha 14: 28, 42, 56, 70, 84, 98, 112 mpaka 210, ndiye pa chogwirira pali ena ozungulira oti uwonjezere imodziimodzi. Kuti upeze 103 umamasula kaloko kapansi, kupotokola chogwirira mpaka m'mphepete mwake mufike pa mzere wa 98 ziro atayang'anizana ndi mzere wapakati, kenako kuwonjezera 5, n'kutsekanso kaloko. Zosavuta ukazidziwa, koma apa ndi pamene ndili ndi dandaulo langa loyamba. Manambalawo anangowadinda pa chitsulo chonyezimira opanda utoto, m'galaja mukakhala kamdima kapena m'manja muli oyilo suona kanthu, ndimachita kuitembenuzatembenuza pa kuwala ngati ndikuyang'ana ndalama yachinyengo. Ndinapakapo maka yakuda n'kupukuta pamwamba kuti inki itsalire m'maenje mwa manambala, zinathandiza, koma pakatha mwezi ndimabwerezanso. Komanso kumbuyo kwake kuli sikelo ina ya ft-lb, muyeso wina wa mphamvu yomweyo, chenjerani nayo imeneyo. 103 Nm ndi 76 ft-lb, ndiye mukatchera 103 kumbali yolakwika mwamanga pafupifupi 140 Nm osadziwa.

Kaloko kapansi nakonso ndi kaulesi. Kawiri konse ndapeza katamasuka ndili pakati pa ntchito, chogwirira chitasuntha ndi 2 kapena 3. Pano ndimayang'ana nambala ndikamaliza tayala lililonse.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi lakuti chinthu chotchipa chonchi chimanena zoona? Pepala lake limati imaphonya osapyola 4 pa 100 iliyonse, umene ndi mlingo wa ISO 6789, muyezo wapadziko lonse wa ma wrench amtunduwu, koma pepala aliyense akhoza kusindikiza. Ndiye ndinaiyesa ndekha, ndipo inunso mukhoza kutero ngati muli ndi vayisi. Ndinamanga mutu wake wa folokona uja mu vayisi wrench itagona mopingasa bwinobwino, ndinayeza ndi tepi kuchoka pakati pa mutu kufika pakati pa chogwirira, panali masentimita 40. Ndinadzaza madzi m'chigubu cha malita 20, pa sikelo chinalemera makilo 21 ndi chigubu chomwe. Masamu ake ndi kulemera kuchulukitsa ndi 9.81 kuchulukitsanso ndi kutalika m'mamita, 21 x 9.81 x 0.4, zikupereka 82 ndi kanthu, ukaonjezera kulemera kwa wrench yeniyeniyo zikufika cha m'ma 85. Ndinamangirira chingwe pakati pa chogwirira n'kutsitsa chigubu pang'onopang'ono osachigwetsa. Nditatchera 80 inalira. Pa 84 inalira mochedwerako, ngati ikuganiza kaye. Pa 88 inangoti zii. Kwa ine zimenezo zakwana, sindikumanga injini ya ndege. Ndinabwereza mwezi wathawu zotsatira zake n'chimodzimodzi, mwina kusiyana ndi 1.

Mwana wanga anandipeza ndikulendewetsa chigubu pa sipanala anakauza mayi ake kuti adadi ayamba kuyeza madzi ndi chitsulo. Sindinayankhe.

Pamene yandikhumudwitsa zenizeni ndi kumunsi kwa sikelo. Bokosi likuti imayambira 28, zoona manambala alipo, koma ma wrench olirawa amakhulupirika kuyambira cha pa 20 pa 100 ya mlingo wake wapamwamba, kwa iyi ndiye kuti cha m'ma 42 kupita m'mwamba. Bauti yotsekera oyilo pa sampu, kunsi kwa injini, imafuna cha m'ma 40, ndiye ili m'malire enieni. Ndikusintha oyilo ndinagona pansi pa galimoto, ndatchera bwinobwino, ndikukoka kudikira kha uja ndinazolowera pa matayala, osabwera. Chimene chinachitika n'chakuti mutu unangogwedera pang'ono, kakuti tiki kosamveka n'komwe, ine n'kupitiriza kukoka. Mwayi wake ndinamva m'dzanja kuti chinachake chasuntha ndiye ndinasiya. Wrench yamtunduwu siimitsa dzanja lako ayi, imangokuuza, ukapanda kumva imapitiriza kumanga ngati sipanala wamba, ndipo pa sampu mapeto ake ndi mazinga kutha, oyilo kumadontha pakhonde mpaka utakaboola zina. Ndiye pa manambala ang'onoang'ono kokani mwaulemu, wailesi itazimitsidwa.

Za mapulagi iwalani. Ambiri amafuna cha m'ma 18 mpaka 25 Nm, pansi pa pamene iyi imayambira, ndipo amalowa mu head, mutu wa injini, ya aluminiyamu imene siichedwa kulumala. Tibauti ta 10 tija ta pa kava ya injini ndiye musayerekeze n'komwe, ndi chitsulo chachitali chonchi mudula musanamve kalikonse. Zimenezo zimafuna ing'onoing'ono ya mutu wa 3/8 kapena kota ya inchi. Ndinaganiza kuti ndagula imodzi ya ntchito zonse, ayi ndithu, ndagula ya matayala, mabauti akuluakulu a mabuleki ndi za kunsi kwa galimoto.

Masoketi obwera nawo, 21 ndi amene ndimagwiritsa ntchito, akugwira nati bwino osaseweraseweramo, koma khungu lake ndi lokhuthala moti pa marimu ena a aloyi okhala ndi mabowo opanikiza salowa, ndinaona pa galimoto ya mnzanga, tinachita kukabwereka soketi yowonda. 17 anayamba dzimbiri m'kati mwezi wachitatu ngakhale sanagwirepo ntchito. Ka extension kali bho, kamathandiza kuti chogwirira chisakhule bodi. Racheti yake ndi ya mano akuluakulu, pamalo opanikiza umasowa poibwezera, koma pa tayala palibe vuto.

Pali zinthu zingapo ndinaphunzira mochedwa zoti kapepala kaja sikananene momveka. Mukamaliza ntchito bwezani chogwirira pa nambala yotsikitsitsa, m'katimo muli sipuling'i ndipo mukaisiya yofinyika miyezi imatopa n'kuyamba kunama, koma musapotokole kupyola pansi pa sikelo chifukwa tizitsulo tam'kati tikhoza kusuntha. Ikalira kamodzi basi siyani, zomati kha kha kha katatu kuti mutsimikize mukungoonjezera kumanga. Gwirani pakati pa chogwirira, osati kumapeto kapena kuikanso paipi. Ndipo nati imene yamangidwa kale mopyola, wrench idzalira pompo osazungulira, zimenezo sizikutanthauza kuti ili pa 103, ikhoza kukhala pa 200. Muyenera kuimasula kaye n'kumanganso. Ndimaseka ndikaona ena amanga ndi mfuti mpaka kumapeto kenako n'kudutsitsapo torque wrench mwamwambo chabe, ikulira paliponse iwo n'kumagwedeza mutu kuti zili bwino.

Nkhani ya girisi ndiyo inandidabwitsa. Ine ndimapaka girisi pa ma stud kuti tsiku lina ndisadzavutike kumasula, ndimadziona wanzeru. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa mphamvu yambiri imene umakoka imathera pa kukhulana kwa mazinga ndi pansi pa nati, yochepa yokha ndi imene imatamula bauti. Manambala a m'buku ndi a mazinga ouma ndi oyera. Ukapaka girisi kukhulana kumachepa, ndiye pa 103 yomweyo bauti yatamuka kwambiri kuposa mmene anafunira opanga galimoto. Pano ndimangotsuka ndi bulashi ya waya basi. Ndimayamba manati onse ndi zala, kuwagwiritsa pang'ono galimoto ili pa jeki, kuitsitsa kuti tayala ligunde pansi, kenako kumaliza modumphanitsa, anayi mopingasa, akakhala asanu ngati ukujambula nyenyezi. Ndikayenda makilomita 50 kapena 100 ndimadutsamonso.

Alamu anga anaibwereka kamodzi. Ndinawapeza aitembenuza racheti akumasulira nati ya dzimbiri ya pa ngolo, phazi lili pa chogwirira. Ndinati alamu, chonde tsikanipo, chimenecho ndi choyezera osati chomasulira. Iwo amvekere koma ndi yaitali bwino imeneyi alamu, ikugwira ntchito. N'chifukwa chake ndinaiyesanso kachiwiri ndi chigubu chija, mwamwayi inapulumuka. Pomasula gulani breaker bar, chitsulo chopanda nzeru chimene mukhoza kuchiponda mmene mungafunire. Iyi ikagwa pansi kapena kuzunzidwa chonchi iyeseninso, ndipo ngakhale isanagwe, mlingo wa ISO uja umati iziyesedwa pakatha miyezi 12 kapena ikalira ka 5000. Ine pakhomo 5000 sindidzafika ngakhale zaka khumi, ndiye ndizingoyendera chaka.

Kodi ndingaigulenso? Eya, pa ntchito ya pakhomo ya munthu wosintha yekha matayala, mapadi a mabuleki ndi zina za kunsi, ndiipatsa 4 pa 5, imodzi ndachotsa chifukwa cha manambala osaoneka ndi kaloko kaulesi kaja. Amene mumamanga ma head a injini tsiku ndi tsiku pa galaja ya makasitomala, iyi si yanu, pezani yokhala ndi satifiketi yeniyeni yoyezedwa. Ine pano ndikusaka ing'ono ya 3/8 ya mapulagi ndi sampu, ndipo sabata yatha nditakasinthitsa matayala akutsogolo ndinamuuza mnyamata wa mfuti uja kuti achimwene ingogwiritsani pang'ono, ndimaliza ndekha. Anandiyang'ana ndikutulutsa kabokosi kanga m'buti, anaitana anzake awiri kuti adzaonere.